Nthabwala siikunga nsambo

Linali Loweruka la mwezi wa Julaye pa boma la Dedza. Amene anagonapo kuno nyengo imeneyi akukudziwa kuzizira kwake, kuja kolowa m'mafupa ngakhale utavala majuzi awiri ndi chipewa chaulusi. Bandi ina yochokera kum'mwera inabwera kudzaimba mu holo ina, ndipo tinalipira pakhomo tili ambiri ndithu, ena atachokera ku Linthipe, ena ku Bembeke pa njinga za kabaza. Anatiuza kuti ziyamba 7 koloko madzulo. Lole ya zida inafika 9 itadutsa. Anatsitsa masipika mothamanga, kulumikiza mawaya, wina kugogoda maiki kawiri, basi nyimbo yoyamba n'kuyamba.

Ndime imodzi isanathe, tonse tinamva kuti zida sizikugwirizana. Kiyibodi inali pamalo pake, gitala la lidi linali pamwamba pang'ono, besi inali yokhayokha kunsi ngati munthu wotsalira pa ulendo. Mayi wina amene anakhala pafupi nane, woimba m'kwaya ya mpingo wina pa boma pomwepa, anakwinya nkhope ngati waluma bwemba. Nyimbo itatha, mtsogoleri wa bandi anaseka pa maiki. "Anthu a ku Dedza, pepanitu, magitala athuwa si a kuno. Chimfine chawagwira pa Lizulu pomwe." Holo yonse inafa ndi phwete. Inenso ndinaseka, pakuti zinali zoseketsadi, komanso zinali zoona. Ndinadikira kuti tsopano aima pang'ono, aliyense akunge nsambo zake. Sanaime. Wa madiramu anawerenga, nyimbo yachiwiri n'kulowa ndi matenda omwewo.

Itatha yachitatu anati, "Musadabwe, imeneyi ndi jazi." Anaseka ndi ochepa. Itatha yachisanu analoza mnyamata wa besi n'kunena kuti, "Uyu tinangomutola panjira, makutu anawasiya kwawo." Anaseka ndi okhawo amene mowa unali utawalowa. Mnyamatayo anangowerama. Mayi uja anadzuka, kukonza chitenje chake, n'kutuluka, 11 koloko isanakwane.

Nkhaniyi yandikhala pamtima kuchokera usiku umenewo, ndipo maganizo anga ndi awa: woimba ali ndi ufulu wonse wotiseketsa zida zikaphonya, koma ufuluwo amaugula ndi dzanja lopita pa nsambo. Nthabwala yoyamba ija inali yabwino chifukwa inatiuza kuti mkuluyo wamva zomwe ifenso tamva. Inali ngati kupepesa kwa munthu waulemu amene wakuponda phazi mu minibasi. Komatu wokuponda akapepesa, phazi lake amalichotsa. Akapepesa n'kumakupondabe, kenako n'kupepesanso akuseka, ulemu watha pamenepo, wayamba kukuyesa chitsiru.

Za chimfinezo sananame, ndipo ndikufuna zimveke bwino, kuti wina asaganize kuti gitala likatuluka m'kiyi ndiye kuti mwini wake ndi mbuli. Nsambo ya gitala ndi waya wachitsulo. Chitsulo chimafupika kukazizira, kukatentha chimatalika. Gitala lotchunidwa masana ku Blantyre kapena ku Balaka, likakwezedwa pa lole n'kudutsa Ntcheu, Mlangeni ndi Lizulu kukwera kuno kumene tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, limafika nsambo zitadzikunga zokha, mawu atakwera. Obwera kuchokera kunyanja kudzera pa Golomoti n'kukwera Khwekhwerere ndiye amazionera pakhosi, chifukwa amachoka m'ng'anjo kulowa m'chisanu pa ulendo wosakwana maola awiri. Likafika pa siteji nkhani imatembenukanso. Manja a woimba, thukuta, magetsi owunikira ndi mpweya wa anthu odzaza holo zimalifunditsa, nsambo n'kuyamba kulefuka, mawu n'kumatsika, ndipo zisanu ndi imodzi zonsezo sizitsika mofanana. Thabwa la gitala nalo limamwa chinyezi cha chifunga chotsika m'phiri muja n'kusuntha pang'ono. Kutchuna kamodzi poyamba sikukwana usiku wonse kuno, ngakhale gitala litakhala lodula bwanji.

Lipenga limachita zosemphana ndi gitala. Mawu amayenda pang'onopang'ono mumpweya wozizira, choncho lipenga lozizira limalira motsika mpaka mpweya wa woliza utalitenthetsa. Pamene nsambo zikukwera, malipenga akutsika. Pakati pa ziwirizi pali kiyibodi, imene siidziwa Juni kapena Okutobala. Iyo inaikidwa kufakitale kuti noti ya A izinjenjemera ka 440 pa sekondi, muyeso umene akatswiri anagwirizana ku London mu 1939, bungwe loona za miyeso padziko lonse la ISO n'kuukhazikitsa mu 1955. Gitala likakhala pa 444 kiyibodi ili pa 440, khutu limamva kakuwawa kogunda kanayi pa sekondi, kaja kamene kamachititsa munthu kukwinya nkhope asanadziwe n'komwe chimene chamukwinyitsa. Kusiyana kwake n'kochepa pa pepala, koma m'khutu n'kwakukulu.

Zonsezi oimba amazidziwa kuposa ine. Amadziwanso kuti mankhwala ake ndi apafupi. Kachipangizo kotchunira kopana kumutu kwa gitala kamakwana m'thumba la malaya, ndipo foni iliyonse yamakono imalandira pulogalamu yaulere yochita ntchito yomweyo. Munthu wozolowera amadutsa nsambo zonse mphindi imodzi isanathe. Nthawi imene mkulu uja anatha akutiseketsa za jazi inali yokwana kutchuna lidi ndi ridimu zonse ziwiri. Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni ya nthabwala pa siteji: mtsogoleri azicheza ndi anthu kuti pasakhale zii, kumbuyoko anzake akukonza zida. Nthabwala ndi chitenje chotchinga pamene wina akuvala. Ikakhala kuti kuseri kwake palibe akuvala, tikutchingiranji?

Amalume anga, amene anatsogola kale, ankaimba mbalule, ng'oma yotsogolera pa gule wamkulu, kwathu kwa Kaphuka. Amene anaonerapo gule wamkulu akudziwa kuti pambali pa bwalo sipasowa kamoto ka udzu kapena mapesi. Si ka owonerera ayi, ndi ka ng'oma. Chikopa chikamva chinyezi cha madzulo chimalefuka, mawu ake amagwa, ndipo mbalule yogwa mawu singayankhulane ndi mapazi a chilombo chimene chili m'bwalo. Amalume akamva kuti yayamba kulemera, ankaisiya pakati pa gule, n'kupita nayo pamoto, mpanje ndi zinzake zikupitirira. Ankaiwamba akuizunguza, kuigogoda ndi chala, kutchera khutu, kuibwezeranso pamoto. Akaona kuti yakwera mopitirira, ankawonjezera phula pakati pa chikopa kuti mawu akhale pamene akuwafuna. Nthabwala anali nazo, ndipo zambiri. Anyamata akawafulumizitsa ankati, "Dikirani ana inu, sinapse. Mukufuna mudye yaiwisi?" Amayi oimba nyimbo ankaseka n'kuwomba m'manja mwamphamvu kuti bwalo lisazizire. Koma nthabwalayo ankainena ali chogwada pamoto, ng'oma ili m'manja, utsi ukuwalowa m'maso. Akabwerera n'kuigunda kamodzi, bwalo lonse linkadziwa kuti mwini wake wafika. Palibe amene ankalipira pakhomo pa bwalo limenelo. Ankachita zimenezi chifukwa kuliza ng'oma yolefuka pamaso pa mfumu ndi anthu ake kunali kudzichotsa ulemu.

N'chifukwa chake mtima umandiwawa ndikamva nthabwala ina imene yafala pakati pa oimba ena, yakuti "musadandaule, izi n'za kwathu, za kwathu sizitchunidwa." Iyi ndiye ndimaikana kotheratu, chifukwa imanamizira makolo athu. Wosema ulimba ku Nsanje amapala mtengo uliwonse mosamala: akapala pansi pakatikati mawu amatsika, akapala kunsonga amakwera, ndipo amabwereza mpaka khutu lake litavomera. Mawu asanu ndi awiri a ulimba amatalikirana pafupifupi mofanana, mosiyana ndi a pa kiyibodi, koma kusiyana ndi kiyibodi si kusokera. Ndi njira ina yokhala ndi malamulo akeake. Hugh Tracey, katswiri wofufuza nyimbo za mu Africa, atabwera m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 kudzajambula nyimbo zathu, ankayenda ndi tizitsulo toyezera mawu n'kumalemba katchunidwe ka bangwe, kalimba ndi zida zina, pakuti anaona kuti eni ake sankangokunga mwachisawawa. Katswiri wina, Gerhard Kubik, amene anakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba ku Blantyre mu 1967, anatha zaka zambiri akuphunzira kaimbidwe ka anyamata a ku Chileka amenewa. Anthu ankachoka kutali kudzaphunzira kwa ife za khutu, ife lero n'kumaimirira pa maiki kunena kuti kwathu kulibe khutu.

Allan Namoko wa ku Thyolo, amene anamwalira mu 1995, sankaona, ndipo banjo imene ankaimba ndi Chimvu River Jazz Band sinali yotchunidwa ndi makina alionse. Mukaika nyimbo zake pambali pa kiyibodi mwina sizikumana. Koma mverani banjo ndi mawu ake, muone ngati pali pamene zikukangana. Anyamata a Madalitso Band afika maiko akutali ndi babatoni ya nsambo imodzi ndi gitala la nsambo zinayi, ndipo ziwirizo zimayenda ngati mapasa. Choncho funso si lakuti kodi uli pa 440. Funso ndi lakuti kodi iwe ndi mnzako amene waima naye pa siteji mwagwirizana pamene mukumane. Bandi yopanda kiyibodi itha kutsika yonse pamodzi, palibe angadandaule. Ambiri amene anaphunzira gitala pomvera makaseti pa wailesi ya mabatire ofooka ankatchuna motsika osadziwa, chifukwa tepi ikamayenda pang'onopang'ono nyimbo yonse imatsika, ndipo ankaimba zokoma ndithu. Koma ukabweretsa kiyibodi wabweretsa mfumu yosasuntha, ndipo aliyense ayenera kupita kumene ili.

Pali amene amanena kuti ndikukulitsa nkhani, anthu amabwera kudzavina, ndipo ikakwana 12 koloko usiku palibe amasiyanitsa. Mawu amenewa ndinawamvapo kwa oimba enieni, ndipo ndi amene amandikwiyitsa kwambiri chifukwa muli kutinyoza mkati mwake. Ife timayankhula chinenero chimene mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amasiyana ndi kakwezedwe ka mawu kokha, khungu la pathupi ndi khungu la maso chimodzimodzi. Mwana wa zaka zitatu amazisiyanitsa osaphunzitsidwa. Pitani pamaliro ku Mayani kapena ku Tsangano usiku, mumve amayi akuimba popanda chida chilichonse, wina kutsogolera, ena kulowa pansi pake, abambo kugwira besi panja pamoto. Wina akalowa disikodi mitu imatembenuka nthawi yomweyo. Mipingo ya kuno yaphunzitsa do, re, mi kwa zaka zoposa 100, ndipo pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi kwaya. Anthu amenewa ndi omwewo amene amalipira pakhomo Loweruka. Sangakuuzeni kuti nsambo ya G yakwera, koma thupi lawo limadziwa. Amavina mosakoma, amatuluka msanga ngati mayi uja, ndipo bandiyo ikadzabweranso amati ndalama yavuta. Woimba amabwerera kwawo akudandaula kuti anthu a ku Dedza sakonda zoimba.

Tsono pali mbali ina imene ndiyenera kuivomereza, ndipo ndikuivomereza ndi mtima wonse. Tikawaopseza kwambiri oimba kuti asaphonye ngakhale pang'ono, njira yothawira ilipo kale, ndipo ndi yoipa kuposa besi yolefuka. Ndi ija yobwera ndi fulashi m'thumba, kuipereka kwa DJ, woimba n'kumangokuwa pamwamba pa mawu ake omwe ojambulidwa kale, kwinaku akuloza maiki kwa anthu kuti amuimbire. Chiyambire 1997 pamene pulogalamu ya Auto-Tune inatuluka, kompyuta imatha kuwongola mawu okhota mu situdiyo, moti pali achinyamata ena amene sanayambe amvapo mawu awo enieni pa sipika. Pa shoo yotero palibe amatuluka m'kiyi, pakuti palibe akuimba. Ine mundipatse bandi yamoyo ya zala zozizira, yophonya apa ndi apo, kusiyana ndi zimenezo. Dziko lino lili ndi mbiri yabwino ya mabandi oimba ndi manja: Alleluya Band ya ku Balaka kuyambira 1978, Zembani ya malemu Lucius Banda amene anatisiya pa 30 Juni 2024, Black Missionaries ya ku Chileka. Mbiri imeneyi inamangidwa ndi anthu ogona m'misewu, onyamula zida m'fumbi ndi m'mvula, ndipo pa ntchito yotere nsambo idzaduka, mawu adzasasa, lipenga lidzazizira. Sindikupempha ungwiro. Kuphonya ndi umboni wakuti pali munthu pa siteji. Chimene ndikukana ndi kugona pa kuphonyako n'kukusandutsa sewero la usiku wonse.

Ndinaona mmene zimayenera kukhalira pa ukwati wina ku Ntcheu, chakufupi ndi Kampepuza, mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Kagulu kakang'ono ka nyimbo zauzimu kanali pansi pa tenti, ndipo gitala linali litakhala padzuwa nthawi yonse ya malangizo. Perekaniperekani atayamba, mayi wotsogolera anaimba mizere iwiri yokha n'kukweza dzanja, zida zonse zii. Anati, "Akuchimuna ndi akuchikazi, taimani kaye ndi ndalamazo. Gitala ndi kiyibodi zayambana, ndipo sitingaimbire banja latsopano ndi zida zosayankhulana. Ankhoswe, tipatseni kamphindi tiziyanjanitse." Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Ankhoswe a kuchikazi anaimirira n'kuponya ndalama m'lichero akuti ya chipepeso cha gitala. Pamene anthu ankaseka, wa kiyibodi anali atagwira noti imodzi, mnyamata wa gitala khutu lili pa nsambo. Mayiyo atatembenuka kumuyang'ana, iye anangogwedeza mutu, nyimbo n'kuyambiranso poyamba. Anthu anavina mpaka fumbi kobo. Nthabwala imeneyo ndikuikumbukirabe, ndipo ndikuikumbukira mokoma chifukwa cha zimene zinamveka pambuyo pake. Onaninso kuti sanaloze munthu. Anati zida zayambana.

Si nthawi zonse pamene vuto lili pa nsambo. Nthawi zambiri woimba amatuluka m'kiyi chifukwa sakudzimva. Masipika akuluakulu amayang'ana kwa anthu, ndipo pa siteji pakapanda timasipika toyang'ana kwa oimba, amene amawatcha mamonita, chimene woimba amamva ndi mawu obwerera kuchokera kukhoma lakumbuyo ndi kudenga lamalata, ochedwa komanso osokonekera, besi itaphimba zonse. Ngakhale katswiri amasochera pamenepo. Wokonza shoo akafuna kupulumutsa ndalama, choyamba kudula ndi mamonita omwewo, chachiwiri ndi galimoto yabwino yoti bandi ifike dzuwa lisanalowe n'kuyesa zida mu holo yopanda anthu. Ndiye woimba akaima n'kunena kuti "lero mawu anga adya kachewere wambiri," ife n'kuseka, amene wapulumuka ndi uja ali pakhomo ndi chikwama. Wadya ndalama ya mamonita, ndipo mlandu wake wausenza ndi woimba, mwa kufuna kwake, akuseka. Oimba athu ali ndi mabungwe awo. Nkhani yakuti bandi siikwera pa siteji popanda mamonita ndi nthawi yoyesera zida ndi yoyenera kulembedwa pa mgwirizano ndalama isanalandiridwe, ndipo kuiseka pa maiki kumangoifooketsa.

M'matchalitchi mwathu muli mtundu wake wa vutoli. Anyamata ambiri a kiyibodi anaphunzira kuimba m'kiyi imodzi yokha, kwinako amadalira batani la transpose, limene limakweza kapena kutsitsa mawu a kiyibodi yonse. Akaiwala kulibweza, nyimbo yotsatira imayambira pena, kwaya pena, ndipo amaseka kuti Mzimu wawatsogolera kukiyi yatsopano. Kuchita nthabwala ndi dzina limenelo pobisa ulesi wophunzira sindikuona kukoma kwake. Kwaya yoimba popanda zida imatha kutsika pang'onopang'ono ndime ndi ndime, makamaka m'mawa wozizira anthu asanatenthe kukhosi, koma imatsika yonse pamodzi ndipo mpingo umatsika nayo. Kiyibodi yosochera imagawa mpingo pakati.

Chimene chinandipweteka kwambiri usiku wa Julaye uja si jazi ayi, ndi zija za makutu osiyidwa kwawo. Mtsogoleri wa bandi akadziseka yekha, kapena akaseka nyengo, tonse timakhala mbali imodzi. Akaloza wamng'ono, amene sangayankhe chifukwa maiki ali ndi abwana ndipo malipiro ali m'thumba la abwana, imeneyo yasiya kukhala nthabwala. Ndi kukwapula mwana pamaso pa alendo. Pa mabandi ambiri amene amalandira zochepa ndi omwewa a kumbuyo, a besi ndi a madiramu, ndipo zida zimene amaliza nthawi zambiri si zawo.

Shoo itatha ndinatsalira panja kudikira wa kabaza amene tinapangana. Anyamata anali kukweza masipika pa lole, ndipo wa besi uja anakhala pa bokosi, manja ali m'khwapa, gitala lili pamiyendo. Ndinamuyandikira.

"Aphwanga, mwaimba ndithu, koma besi inali ndi vuto lanji?"

Anandiyang'ana kaye kuti aone ngati nanenso ndabwera kudzamuseka. Kenako anayatsa tochi ya foni n'kuwunikira kumutu kwa gitala. Kachitsulo kokungira nsambo yachitatu kanali katatha mano. Anali atakamanga ndi mphira wa chubu cha njinga kuti kasabwerere, koma mphirawo unali utauma ndi kuzizira.

"Akulu, ndimamva bwinobwino," anatero. "Ndikaikweza, ikamafika pakati pa nyimbo yabwerera yokha. Ndimayesa kuikankha ndi chala kuti ifike, koma zala zinachita dzanzi."

Nsambo zinayi zonsezo anati anazipeza pomwepo pamene ankalowa bandiyo chaka chatha, ndipo zikada amazichotsa n'kuziwiritsa m'madzi kuti litsiro lichoke, mawu abwerere kwa masiku angapo. Za kachitsuloko anawauza abwana katatu. Yankho linali lakuti aona ikatha shoo yotsatira.

Wina anamuitana pa lole. Analowetsa besi m'thumba lake long'ambika, n'kuikulunganso ndi juzi limene iye mwini anavala, n'kukwera kumbuyo pakati pa masipika. Mawa lake masana anali ndi shoo ina ku Salima.